Timabotolo Tinayi ta Magdalena

1. Kheni ya Petulo

"Ngati tinali tofunika choncho, unatibisiranji kuseri kwa mtsuko ngati mchere wa nkhalamba? Ine ndaba? Ndaba chiyani, madzi? Kaitane apolisi adzandimange chifukwa cha madzi!"

Ameneyo anali Petulo, mwana wanga wamwamuna, akukuwa pabwalo panga ku Chezi. Linali Loweruka, dzuwa lili paliwombo, kheni yothirira fodya ili m'manja. Wokuwiridwayo anali Magdalena, mdzukulu wanga, mwana wa Margareta mlongo wake wa Petulo yemweyo. Anali atakhala pansi pakhomo, timabotolo tinayi topanda kanthu tili pamiyendo.

Ine ndinakoka mpando n'kukhala pamthunzi. Mkangano wa pakhomo panga sindiuonera choimirira, mawondo amandivuta.

"Atsibweni, miyezi isanu ndi itatu," anatero Magdalena. "Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu mwaithira m'kheni."

"Nanga umafuna ndiithire kuti, m'tiyi?"

Monika, mkazi wa Petulo, amene tinamutenga chitengwa kumapiri a Ntchisi uko, anatulukira kuseri kwa nkhokwe. Ameneyo mkangano amaumva fungo ali kuchitsime.

"Musawakalipire bambo a kwathu ngati mwana wa sukulu," anatero. "Maphunziro anuwo ndi a m'tauni. Kuno fodya akafa tonse tilira, ndi inu nomwe a digiri."

"Ndani anakuuzani kuti mugwire?" anafunsa Magdalena, maso ali pa atsibweni ake.

Petulo anandiloza ndi kheni.

"Funsa agogo akowo. Ndiwo ananena kuti m'nyumba muli kopa wothira fodya woposa wa kusitolo."

Mpando uja unayamba kutentha. Kunena ndinanenadi. Koma musanandiweruze, ndikuuzeni kaye mmene zinayambira.

2. Gwafa ndi machesi

Magdalena anamaliza yunivesite zaka ziwiri zapitazo. Tinavina, mbuzi inafa. Ine ndinkayesa kuti sukulu yatha basi. Kenako tikumva kuti wabwerera komweko, akuti kukatenga digiri yachiwiri, ya kemisitiri. Ndinamufunsa ngati yoyamba ija inali yodontha.

Tsiku lina ali pa holide ndinamukakamiza kuti andiuze chenicheni chimene amachita kumeneko. Anathyola gwafa n'kumubaya ndi timitengo ta machesi uku ndi uku.

"Agogo, gwafayu tinene kuti ndi kachitsulo ka kopa, kakang'ono koti diso silingakaone. Sikakhala kokha ayi. Kamagwiridwa ndi timankhwala tina, ngati timanja, monga machesiwa. Tikakagwira tinayi, chimatuluka chinthu china. Tikakagwira tisanu ndi kamodzi, chinanso, mtundu wake wina, ntchito yake ina. Ine ndapanga timanja tatsopano toti palibe anapangapo, ndiye ndikufuna ndidziwe kuti tamugwira bwanji kopayo."

"Ndiye ukadziwa?"

"Mwina zidzathandiza kuyeretsa madzi akumwa. Mwinanso ayi. N'chifukwa chake timafufuza."

Ndinamuuza kuti ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa mwinamwina, ndipo ndikudziwa kumene zimathera. Gwafa uja ndinadya.

Kuti aone kagwiridwe kameneko, akuti pamafunika timiyala. Amasungunula mankhwala akewo m'madzi onunkha ngati kachasu, n'kuvundikira botolo ndi chivundikiro chobooledwa ndi singano, n'kulisiya masabata ambirimbiri osaligwedeza. Madzi aja akamauma pang'onopang'ono, pansi pamamera timiyala ngati mchere wa m'paketi. Timiyalato ndi timene amatiunika ndi makina. Makinawo m'dziko muno mulibe. Aphunzitsi ake, a Dokotala Ashura Sadick, adokotala osabaya jakisoni, ndiwo anali oti apite nato kunja Lachisanu lotsatira.

Kawiri konse kunamera matope okhaokha. Kachitatu, bambo wina wosesa m'labu, malo awo ophikira mankhwalawo, dzina lake a Gideoni, anatsuka mabotolo aja poganiza kuti ndi akuda. Akuluakulu anawachenjeza a Gideoniwo kuti akadzabwerezanso ntchito yatha. Kachinayi timiyala tinamera. Magdalena anandiimbira foni akuseka ngati wabereka mapasa.

Sabata yomweyo Margareta anagwa m'munda ndi m'mimba. Anamutengera kuchipatala cha Mtengowanthenga n'kumuchita opaleshoni.

Kuchipatala wodwala sakhala yekha. Pamafunika gadiyani womuphikira phala, womusambitsa, womugwira dzanja popita kuchimbudzi. Kwathu kuno ntchito imeneyo ndi ya mwana wamkazi, ndipo Margareta mwana wamkazi ali naye mmodzi. Monika anati ali ndi nazale ya fodya. Ine ndinati mawondo.

Magdalena anaopa kusiya timabotolo take. Dzuwa la Okutobala limeneli, madzi akanauma onse, timiyala tikanasweka n'kusanduka ufa. Lamulo la kumeneko limati kanthu kasatuluke m'labu, ngakhale kadontho. Iye anatenga katoni ya nsapato, anayala thonje, anaikamo timabotolo tonse tinayi, n'kukwera minibasi osauza munthu.

Atafika anaika katoni ija kuseri kwa mtsuko wanga, pozizira.

"Agogo, musagwire. Musauze munthu. Ndizibwera kudzationa."

Kugwira sindinagwire. Ndinangosuzumira. Tinali tokongola, ana inu, ta buluu wopita kobiriwira, tonyezimira ngati mikanda.

3. Pakamwa panga

Nazale ya Petulo kudimba inali itagwa chiwawu. Mbande zinayamba timadontho, masamba n'kumapsa. Aliyense wolima fodya amadziwa mankhwala ake: kopa, ufa uja wobiriwira mopita ku buluu umene timasungunula m'kheni. Koma m'masitolo a pa Chezi anali atatha. Petulo anapalasa njinga mpaka kutali, n'kubwerako ndi fumbi lokha.

Lachinayi madzulo tikusenda mtedza, Monika anayamba zake. Mchimwene wake ndi mlangizi, mchimwene wake ali ndi njinga yamoto, mchimwene wake akanakhala pafupi kopa akanapezeka. Banja lina, akuti, ana amangophunzira zosathandiza mudzi.

Ine mawu amenewo sangandidutse.

"Mlangizi n'chiyani?" ndinatero. "Amangogawa zimene ena aphika. Mdzukulu wanga kopa amaphika yekha ndi manja ake, wa timiyala, osati gaga wanu wa kusitoloyo. Ali m'nyumba umu, kuseri kwa mtsuko."

Monika anangoweramira mtedza wake, ndipo ine ndinagona bwino kwambiri tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinapita kumaliro kutsidya. Petulo analowa m'nyumba. Anaona mtundu uja, mtundu umene wauona chaka ndi chaka kuyambira ali mnyamata. Anakhutchumula timabotolo tonse tinayi, anakhuthulira m'kheni, anadzaza madzi, n'kuthirira bedi limodzi la mbande. Atatha anatsuka timabotolo bwinobwino n'kutibwezera m'katoni, kuti asaoneke wopanda mwambo.

Ndi timene Magdalena anatipeza Loweruka lija atabwera kudzatenga ufa wa phala.

Mkangano utafika pa dzina langa, iye sananditukwane. Bola akanatukwana. Anangodzuka n'kuthamangira kudimba. Tinamutsatira, ine kumbuyo ndi ndodo. Tinamupeza atagwada pa bedi lija, akufukula matope ndi zala pakati pa mbande.

"Usandizulire fodya!" anakuwa Petulo.

Anafukulabe mpaka zikhadabo zinada. Sanapeze kanthu.

"Si ungophika wina?" ndinamufunsa.

"Timanja tija tatha, agogo. Tonse tinali m'menemo. Kupanga tina ndi miyezi."

Fodyayonso sanachire. Chiwawu chinapitirira ngati palibe chachitika.

4. Malangizo a pabedi

Lamulungu titatuluka ku Misa tinapita tonse ku Mtengowanthenga. Margareta anali atagona chagada, wowonda, milomo youma. Nkhani anali ataimva kale, poti Monika anadutsa pamenepo m'mawa.

Petulo anayamba ndi kukonza zinthu, monga mwa nzeru zake.

"Kopa akangofika kusitolo ndikudzazira timabotolo tako tonse. Ndiwonjezeranso kachisanu."



Monika anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Tamvera kuno, Magdalena. Alipo anakuona ukutuluka ndi katoni?"

"Palibe, anti."

"Ndiye vuto lili pati? Si paja wosesa uja anatayapo kale? Ungoti watayanso. Akukhulupirira. Adzakumvera chisoni, adzakuwonjezera miyezi, udzaphika zina. Wosesa ndi wosesa, tsache adzalipeza kwina."

Magdalena anayang'ana pansi. "A Gideoni ali ndi ana asanu."

Apa Margareta anatambasula dzanja n'kugwira chitenje cha mwana wake. Analankhula pang'onopang'ono, poti chilonda chinkamukoka.

"Mwana wanga, ine ndi alamu angawa sitinagwirizanepo chikwatirane cha Petulo, koma lero anena zoona. Ana asanu a munthu ameneyo sindinawabereke ine. Ine ndinabereka iwe. Bambo ako atatisiya, anthu ankati ndikukwatitse ukadali Fomu 2, ine ndinakana. Ndalima mtedza m'mapiri muno mpaka msana unapindika, kuti iwe usadzagwire khasu. Pamene unapita ku yunivesite, akazi a kumphakati ankandiseka kuti ubwerako ndi mimba. Unabwerako ndi pepala, ndinayenda mutu uli m'mwamba. Tsopano ukufuna akuthamangitse, ubwerere ku Chezi ndi katoni ya nsapato? Adzati chiyani? Adzati anamuchotsa chifukwa chakuba. Sadzafunsa kuti unaba chiyani. Unatenga zinthuzo chifukwa cha ine, ndikudziwa. Ndiye nenanso bodza limodzi chifukwa cha ine. Ukalape kwa abambo mfumu Loweruka, Mulungu amamva. Koma ukakaulula, udziwe kuti wandichita opaleshoni yachiwiri."

Odwala a mabedi oyandikana anali atasiya kubuula, akumvetsera.

"Agogo, inu mukuti bwanji?" anafunsa Magdalena. Aka kanali koyamba kundilankhula chichokere kudimba.

"Ine za uchimo kafunse akatekisiti," ndinatero. "Ndanamapo mabodza ambiri pa moyo wanga, ena abwino ndithu. Koma bodza labwino limafuna mwini mmodzi. Lakoli eni ake tilipo asanu, ndipo mmodzi ndi Monika. Tsiku limene udzakane kumugulira chitenje, nkhani idzafika ku yunivesite wapansi. Wachiwiri ndine, ndipo waona wekha kuti pakamwa panga palibe chitseko. Ukanama, uzidzatiopa mpaka tonse titafa, ndipo ine sindikufulumira."

"Mwaona apongozi anuwa?" Monika anatembenukira kwa Petulo. "Ayambitsa okha moto, akundinyozanso ine!"

Anesi anabwera n'kutiuza kuti nthawi yoona odwala yatha. Inali isanathe.

5. Foni ya Lolemba

Ine ndinagona komweko, kumalo a magadiyani. Lolemba m'mawa tili pansi pa mtengo, Magdalena akutakasa phala la mayi ake, foni inalira. Anayang'ana dzina n'kusiya mthiko. Foni yakeyo inagwerapo m'madzi, ndiye imangolankhula mokweza. Ndinamva zonse.

"Magdalena, amayi ali bwanji?"

"Akupezako bwino, madamu."

"Tithokoze. Tsono ndalowa m'labu kuti ndiyambe kulongedza za ulendo, mabotolo ako sindikuwaona. Ndawaitana a Gideoni, ali panja pa ofesi yanga. Akulumbira kuti sanagwire. Ndisanalembe kalata, ndimve kwa iwe. Unawasiya pashelefu paja?"

Bodza lija silinafunenso kuphika. Linabwera lokha, lopsa kale. Iye akanangoti eya.

Phala linayamba kuphulika m'poto. Ndinafuna kulitakasa, koma ndinaopa kuphonya mawu.

"Ayi, madamu," anatero Magdalena. "A Gideoni sanagwire. Ndinatenga ndine. Ndinabwera nawo kumudzi."



"Ali kuti tsopano?"

"Anathiridwa pa nazale ya fodya. Onse."

"Alipo wamwa? Alipo wagwira ndi manja? Madzi akewo sanapite kuchitsime?"

"Palibe wamwa, madamu. Anangothirira bedi limodzi, kutali ndi chitsime."

A Dokotala aja anapuma mpweya wautali, kenako anayamba. Sanakweze mawu. Ine ndimaopa anthu okalipa mosakweza mawu.

"Tamvera bwino, Magdalena. Timiyala tataika, ndipo zandipweteka, chifukwa ndinakuona ukulira pamene tinkakana kumera. Koma si zimene zandikwiyitsa. Madzi amene anali m'mabotolo aja ukuwadziwa. Munthu atamwa poyesa kachasu, maso amafa, mwinanso iye amene. Mankhwala akowo ndi atsopano, palibe padziko pano akudziwa chimene amachita m'thupi la munthu, ngakhale iwe amene unawapanga. Ndiye unawaika m'nyumba ya anthu, mopita ana, opanda chizindikiro choti munthu wa kumudzi angamve. Lamulo lija sitinaliike kuti tikuvutitseni. Ukanandiimbira, ndikanatseka mabotolo ndekha n'kuwaika m'kabati. Ntchito ya mphindi zisanu. Koma unaganiza kuti ntchito ndi yako wekha, ndiye uisamala wekha. Amene anathira pa fodyayo sindikumuimba mlandu, anachita zimene amadziwa. Iwe ndi amene unkadziwa zambiri."

"Pepani, madamu."

"Kuti wanena zoona, ndamva, ndipo ndikanena kwa akuluakulu. A Gideoni abwerera ku ntchito yawo pompano. Koma sindikunamiza. Nkhaniyi sindingaibise. Komiti ikhala Lachinayi, naini koloko m'mawa. Akhoza kukubwezera m'mbuyo chaka chathunthu, akhozanso kukuchotseratu. Ukapanda kubwera, adzagamula iwe kulibe, ndipo zikatero sizitha bwino. Bedi la fodyalo muzule, musawokere, ndipo pamenepo musadzalepo ndiwo."

Foni inaduka. Phala linali litapserera.

Magdalena anatsuka poto n'kuyambanso lina. Ufa wina unatayikira pansi. Sanalire. Ine ndi amene ndinamina, koma unali utsi.

6. Mmene zilili tsopano

Analowa m'wodi ndi phala, ine pambuyo. Anagwada pambali pa bedi n'kuwauza mayi ake zonse, osachotsa kanthu.

Margareta anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, chilonda chikumupweteka, n'kuyang'ana kukhoma.

"Amayi, phala."

Chete.

"Amayi, lizizira."

"Amayi," anatero Margareta, akuitana ine, "muuzeni mtsikanayo aike mbaleyo pansi. Mundimwetsa ndinu."

Ndinamumwetsa. Anamwa masipuni atatu.

Uthenga wozula bedi unafika kumudzi madzulo ake. Petulo anati aphunzitsi a m'tauni sangamulamule pa dimba lake, koma Lachiwiri m'mawa anazula, poti Monika anaopa kuti alangizi amva. Pozula anatukwana mtundu wathu wonse, kuiwala kuti ndi wakenso.

Ndiye pakali pano zili chonchi. Petulo salankhula ndi ine, akuti ndinamunamiza. Monika salankhula ndi Petulo, akuti akanafunsa kaye. Ine ndi Monika sitilankhulana, koma zimenezo si nkhani, tinayamba kalekale. Margareta watumiza mawu kuti Petulo asadzapondenso kuchipatala, ngakhale pa maliro ake.

Zonsezo ine ndikanazikonda. Ndakhala ndikudya mikangano yotere ngati chimanga chokazinga. Koma uwu wa Margareta ndi mwana wakewu sukutsika pakhosi.

Lero Lachitatu. Anesi akuti Margareta satuluka sabata ino, chilonda chikuchedwa kuuma. Minibasi yoti Magdalena akafike nthawi yabwino imanyamuka masana ano. Chikwama wamanga kale, chili pansi pa bedi. Wandionetsa mmene ndingamudzutsire wodwala osakoka chilonda, wandionetsa kawiri, poti akudziwa mawondo anga.

Atatha anaima kumiyendo kwa bedi.

"Amayi, mukati ndikhale, ndikhala. Mukati ndipite, ndipita. Ingonenani limodzi."

Anadikira. Mayi wa bedi loyandikana anadikira. Ine ndinadikira.

Margareta, amene ankayenda mtunda wonse wa ku Chezi kukatchajitsa foni kuti angomva mawu a mwana wake, anakoka bulangete mpaka kumutu. Lero ndi tsiku lachitatu asanamulankhule.